Mantha a Mwana Sathera pa Chikoti



Mwezi uno wa Ramadhani ana athu ena ayamba kuyesa kufunga, ena ayamba kutsagana nafe ku Tarawehe. Alhamdulillah. Koma m'makomo ndi m'madrasa ena swaumu ndi Qur'an zikuphunzitsidwa ndi chikoti, nchifukwa chake ndifuna tikambirane za mantha.

Mantha sakhala pamalo pamene anayambira. Inu a kunyanja mukudziwa. Msodzi amene bwato linamugubuduza m'nyengo ya mwera amachita nthumanzi ngakhale tsiku la bata, pena ngakhale powoloka mtsinje. Wolumidwapo ndi njoka akaona luzi m'njira amadumpha. Mulungu anaulenga mtima motero kuti utiteteze, pakuti wofuna kuyamba watsimikiza kuti ndi njokadi amalumidwa kachiwiri. Koma mtimawo susankha bwino. Umaopa chimene chinakupweteka pamodzi ndi zonse zofanana nacho.

Anthu ophunzira anaziyesa zimenezi. Mu 1920, ku Baltimore m'dziko la America, John Watson ndi Rosalie Rayner anatenga khanda la miyezi 11 lomwe analitcha Albert. Poyamba silinkaopa khoswe woyera, linkafuna kumugwira. Tsono iwo akaonetsa khoswe, ankamenya chitsulo ndi nyundo kumbuyo kwa mutu wa mwanayo. Atatero ka 7, mwana ankalira akangoona khoswe, popanda phokoso lililonse. Patapita masiku anamuonetsa kalulu, analira. Galu ndi chovala chaubweya anachitanso nazo mantha, pomwe zonsezi sizinamulakwire kanthu. Inali nkhanza, ndipo lero kuyesa kotere pa mwana sikuloledwa.

Tsono taganizani bambo, taganizani mayi. Mwana wa zaka 8 wagwidwa akumwa madzi masana, mwamukwapula. Mawa walakwitsa sura, mwalimu wamukwapulanso, Qur'an ili pamiyendo pake. Inu mukuti aope kulakwa. Koma mtima wake ukulemba zonse zimene zinalipo nthawi imene ankamva ululu: buku, mkeka, kanzu yoyera, mawu a Chiarabu. Akakula, adhana ikamveka mtima umamuthamanga, iye osadziwa chifukwa chake. Ife nkumati achinyamata a masiku ano alibe imani. Ena mwa iwo tinawathamangitsa ndife.

Dziwani kuti swaumu si faradhi kwa mwana amene sanathe msinkhu. Timangomuzoloweza. Amayi a maswahaba ku Madina, pozoloweza ana kufunga tsiku la Ashura, ankawapangira zidole za ubweya wa nkhosa, mwana akalira njala nkumupatsa chidole asewere kufikira nthawi yomasula. Anas bin Malik anatumikira Mtumiki (S.A.W.) zaka 10 kuyambira ali mnyamata, ndipo ananena yekha kuti sanakalipiridwepo. Ngakhale munthu wa kuchipululu uja amene anakodza mu mzikiti, Mtumiki analetsa maswahaba kumuopseza, nalamula kuti pamalopo athirepo madzi.

Nanga mwana amene wagwidwa kale ndi mantha titani naye? Mu 1924 mayi wina, Mary Cover Jones, anathandiza kamnyamata kotchedwa Peter kamene kankaopa kalulu. Ankaika kalulu patali pamene mwanayo akudya chakudya chimene ankachikonda, nkumamusendeza pafupi pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, mpaka mwana anamugwira yekha.

Ife mwayi umenewu tili nawo madzulo aliwonse mwezi uno. Mwana woopa mzikiti musamukokere ku Tarawehe yonse. Pitani naye nthawi ya futali, akhale pambali panu, adye tende kapena amwe phala pakhonde, mubwerere kunyumba. Mawa alowe m'kati aswali Maghribi yokha. Wamng'ono akafunga kufika Dhuhuri, muyamikeni, mumupatse chakudya. Ndipo ngati chikoti chili ku madrasa, bambo pitani nokha sabata ino mukalankhule ndi mwalimu mwaulemu, ana asakumveni.