ZA MBIRI YA USANA WOKHA WOKHA

M'dziko la America munali woimba wochuka ndithu, dzina lace Michael Jackson. Anabadwa m'caka ca 1958 m'mudzi wa Gary, ku Indiana, mwana wa munthu wogwira nchito ku ng'anjo za citsulo. Namwalira ku Los Angeles pa 25 June 2009, ali wa zaka 50. Ambiri a inu munamva nyimbo zace pa wailesi, ndipo alipo anyamata amene anayesa kutsanza kabvinidwe kace. Tsono m'caka ca 2010, mwini wace atagona kale m'manda, eni malonda anasonkhanitsa zithunzi zoyenda za nyimbo zace, zimene azicha mavidiyo, naziika pa zimbale 3 za DVD m'bokosi limodzi, nalicha Michael Jackson's Vision. M'menemo muli zithunzi 42, ndipo wofuna kuziona zonse akhale pansi maora 4 ndi theka. Zoyamba zace anajambulidwa ali mnyamata woimba ndi abale ace, cotsiriza ali wa zaka 45.

Funso lathu ndi ili: kodi munthu amene waona zonsezi wamdziwa Michael Jackson?

Wina adzati, Inde, pakuti mmisiri adziwika ndi nchito ya manja ace. Mau awa sali acabe. Woona zithunzizo sangakane kuti munthuyu analandira mphatso yaikuru, ndi kuti sanaikwirira m'nthaka, koma anaigwiritsa nchito ndi cangu cocititsa manyazi aulesi ambiri. Ndiponso pena mtima wace uonekera. M'cithunzi ca nyimbo yochedwa Thriller, ca m'caka ca 1983, akufa aturuka m'manda nabvina naye pamseu. Koma poyamba pace iye analembetsa mau akunena kuti sabvomereza zamatsenga, cifukwa masiku awo anali wa Mboni za Yehova monga amace. Taonani munthu wa mitima iwiri, wofuna kukondweretsa khamu, woopanso cikumbu mtima cace.

Komatu maso anyenga. Woona zithunzizo motsatana aona nkhope irikusanduka: mu 1979 mnyamata wakuda wosekerera, mu 1991 munthu woyera mbee. Anthu ambiri anamseka, nati, Wada khungu la makolo ace. Iye anati m'caka ca 1993 kuti adwala nthenda ya khungu yochedwa vitiligo, imene icotsa kuda kwa khungu mawanga mawanga, ambiri sanakhulupirira. Atamwalira, madotolo oyesa mtembo anapeza kuti nthendayo anali nayodi. Zoonadi mphuno yace anaikonzetsa kwa madotolo, nabvomera yekha. Koma pa mlandu wa khungu oweruza ndi maso anamnenera zaka zambiri cimene sanacidziwa.

Ndipo tawerengani zimene mulibe m'bokosimo. Mulibe atate wace wokhala pa mpando ndi lamba m'manja, ana alikuphunzira kubvina, monga iye mwini anasimba atakula. Mulibe moto umene unatentha mutu wace mu January 1984, pojambulitsa cithunzi ca malonda, kapena mankhwala oletsa ululu amene anadzamgwira ukapolo pambuyo pace. Mulibe milandu yoopsya imene anamnenera ya kuipsa ana, mu 1993 ndi mu 2003. Bwalo la milandu linammasula pa milandu yonse ya 2003 mu 2005, koma atamwalira anaturukanso ena akumnenera. Mulibe usiku uja wosagona tulo, kufikira dotolo wace anayamba kumpatsa mankhwala ogonetsa anthu pa opareshoni, amene anamupha. Dotoloyo anatsutsidwa m'bwalo mu 2011. Bokosilo liri ndi usana wokha wokha. Usiku anaudula nautaya.

Sitiwadzudzula kwambiri osonkhanitsawo, pakuti anati agulitsa nyimbo, sanati agulitsa coonadi conse. Koma tidziwe dzina la cinthuci: ndico cipilala. Kumbukirani Abisalomu, mwana wa Davide, amene Israyeli yense anamtama cifukwa ca kukongola kwace, ndipo tsitsi lace analiyesa pa muyeso pakulimeta. Iyeyo anadziimikira cipilala m'cigwa ca mfumu akali moyo, kuti dzina lace lisaiwalike. Woimba wathuyu anacita cofanana naco: mu 1995 fano lace lalitali analiyandamitsa pa mtsinje wa Thames ku London, pofuna kulengeza nyimbo zace zatsopano. Cipilala cinena kuti munthu anali wamkuru. Sicinena cimene anacita, kapena cimene anamcitira.

Tsono yang'anani atate wa Abisalomu. Davide nayenso anali woimba, nabvina ndi mphamvu pamaso pa likasa kufikira mkazi wace anampeputsa. Nyimbo zace nazonso zinasonkhanitsidwa. Koma olemba mbiri yace sanadula nkhani ya mkazi wa Uriya, kapena kalata ija imene Uriya ananyamula m'dzanja lace osadziwa kuti ndiyo imfa yace. Ndipo pakati pa Masalmo pali ya 51, imene mutu wace uchula cimo lomwelo. Mfumu yace yomwe ya nyimbo, ndi manyazi ace aikidwa m'buku loimbira anthu onse! Ine ndiyesa kuti ici ndico cifukwa cace wocimwa wa lero akhoza kuyandikira kwa Davide natonthozedwa. Koma kwa munthu wa m'bokosi lija sakhoza kuyandikira, angoimirira patali kumpembedza kapena kumponya miyala. Onse awiri, wopembedza ndi woponya miyala, alikucita ndi cithunzi, osati ndi munthu.

Musati nkhaniyi nja anthu a kutsidya kwa nyanja okha. Ife tomwe tiri nalo bokosi lathu: cobvala coyera ca tsiku la Sabata, pemphero lalitali pamaso pa akuru a Eklesia, ndi mbiri yokoma imene adzaiwerenga pa maliro athu. Kubisa zolakwa za womwalira pa manda sindikuyesa bodza. Nthawi zina ndi cifundo pa amasiye. Coopsya ndi ici, kuti munthu akali moyo ayamba kukhulupirira yekha bokosi lace, nayesa kuti usana umenewo ndiwo moyo wace wonse. Wotereyo akagwada alibe kanthu kakuulula, ndipo mnzace akagwa afulumira kudabwa.

Palinso gawo la oonerera, limene sitikonda kulichula. Mwana uja anayamba kuimba pamaso pa anthu asanafike zaka 10, ndipo makamu anaomba m'manja osafunsa ngati wagona, ngati wasewera ndi anzace. Amene afuna usana wokha kwa munthu amphunzitsa kubisa usiku. Makolo a mwana wa mau okoma, ndi aphunzitsi otsogolera nyimbo, alingalire ici.

Cithunzi cotsiriza m'bokosimo ndi ca nyimbo yochedwa One More Chance, cimene anthu anali asanacione. Anayamba kucijambula ku Las Vegas mu November 2003, koma nchito inalekeka pamene apolisi analowa kukafufuza m'mudzi mwace ku Neverland. M'cithunzico zinthu zatembenuka: oonerera ndiwo aima pa nsanja, ndipo iye abvina yekha pansi, pakati pa magome ndi mipando yopanda anthu. Nthawi zambiri aoneka cakumbuyo kapena patali, kotero kuti nkhope yace siioneka bwino.