Kodi Kagaru ka Pakhomo Tiri Nako Mangawa?

M'midzi yathu ya ku Dwangwa, kuyambira kugombe kumene asodzi ayanika usipa kufikira ku minda ya nzimbe, makomo ambiri ali ndi garu. Tsiku lofika kagaru kakang'ono ana akondwera ndithu: akafungata, akacha dzina, nakagawira mkute wao. Koma ikapita miyezi isanu ndi umodzi kagaru kaja kakula, ndipo amene anali kukafungata ndiwo oyamba kukagenda miyala. Tsono funso lathu mwezi uno ndi ili: kodi nyama imene tinaicotsa tokha kwa mace tiri nayo mangawa, kapena iri cabe monga khasu ndi mtondo?

Ena adzati, "Garu ndi garu, kumkonda nkupusa, popeza ana a anthu agona ndi njala." Mau awa tisawapeputse. Munthu amene adyetsa garu cambo, pamene mwana wamasiye wa mlongo wace wagona osalawa kanthu, walakwa ndithu. Munthu atsogole. Koma garu sapempha cambo. Iye afuna nsima ya madeya, mitu ya nsomba, madzi m'phale, ndi pogona pouma. Izi sizilanda mwana ali yense cakudya.

Ife titi mangawa alipo, pa zifukwa zitatu.

Coyamba, tinamtenga ndife. Fisi ndi nkhandwe za m'nkhalango ya Nkhotakota zidzifunira zokha cakudya, koma garu makolo athu anamweta kale lomwe, ndipo ayang'ana ku dzanja la munthu. Auwa usiku ife tiri m'tulo, naingitsa anyani m'munda wa cinangwa. Garu amene aba usipa woyanikidwa kawiri kawiri ndi garu wanjala, ndipo mlandu wace uyenera kufunsidwa kwa mwini.

Caciwiri, kagaru ndiko sukulu yoyamba ya cifundo. Mwana amene aseka pakumva kagaru kalira ndi ndodo aphunzira kuti wamphamvu acita cimene afuna pa wofooka, ndipo phunziro limenelo adzalowa nalo m'banja. Koma mwana amene akumbukira kuthira madzi m'phale m'mawa uli wonse, ndi kucotsa nkhupakupa m'makutu a garu, aphunzira kusunga moyo umene wauikizidwa. Buku la Miyambo, mutu 12, liyesanso cilungamo ca munthu ndi kasamalidwe ka zoweta zace.

Cacitatu ndico cacikuru. Cikondi ca pa kagaru cimene ciiwala mwana wa mnansi sicikwanira. Tinena za ciwewe. Bungwe la World Health Organization liwerengera kuti nthenda imeneyi ipha anthu ngati 59,000 pa dziko lapansi caka ciri conse, ndipo pafupifupi onsewo aitenga kwa agaru. Mwa anthu 10 ali onse akufa nayo, anai ndi ana osafika zaka 15, cifukwa ana ndiwo asewera ndi tiagaru, ndipo akalumidwa pang'ono abisa poopa kukalipiridwa. Zizindikiro zikaoneka mwa munthu, mankhwala omciritsa palibe.

Koma njira yotsekereza iripo. M'caka ca 1885 Louis Pasteur, ku Paris, anabaya katemera mnyamata wolumidwa ndi garu waciwewe, ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo. Akatswiri apeza kuti agaru 70 mwa 100 ali onse a m'dera akabayidwa katemera, nthendayi ileka kufalikira. Ku Blantyre m'caka ca 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agaru oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Cifukwa cace munthu amene amva kuti alangizi a zoweta afika ndi katemera, nasiya garu wace kumudzi cifukwa ca ulesi, aika pa ngozi ana a mudzi wonse, ngakhale amkonde garuyo motani.

Tsono ticite ciani? Tisatenge kagaru ngati sitikhoza kukadyetsa kufikira ukalamba wace. Tikabayitse katemera, ndi kubwereza monga alangizi atiuza. Tiuze ana kuti garu akawaluma kapena kuwakanda anene msanga, ndipo ife tisawakalipire. Bala titsuke ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndi kupita naye mwanayo ku cipatala tsiku lomwelo, osayamba tayesa zitsamba. Garu wathu akasintha makhalidwe, nayamba kutuluka dobvu ndi kuluma ciri conse, timtsekere ndi kuitana alangizi, ngakhale mtima utipweteke. Pakuti apa moyo wa munthu utsogola.

Akuru anati garu wamkota sakandira pacabe. Koma garu safika pa umkota ngati mwini wace amkonda ali wamng'ono pokha. Aphunzitsi ndi akuru a midzi, kambani mau awa ndi anthu anu mwezi uno, ndipo muwerenge agaru a m'mudzi mwanu amene sanabayidwe.