Nkhokwe Yachiwiri M'boti

Masiku ano boti likangokhala ndi denga ndi mipando, mwini wake amafuna kuti m'katimo muzikhala zonse za kumtunda. Pakhale filiji yoziziritsira zakumwa za alendo, nyali zoyaka usiku wonse, potchajira mafoni a aliyense wokwera, ndi wailesi yomveka mpaka tsidya la Mozambique. Zonsezi zimadya moto, ndipo pakati pa Monkey Bay ndi Likoma palibe polo la magetsi loti n'kukokapo waya. Moto wa panyanja uli m'batire basi. Ndiye batirelo likayamba kutha usiku usanafike pakati, nzeru imene imayamba kubwera ndi yoti tigule lina tiwonjezere. Si nzeru yoipa ayi. Kungoti walira mvula walira matope, ana anga, ndipo matope ake ndi amene ogulitsa mabatire sakonda kutchula.

Batire ndi nkhokwe. Limasunga zimene mwaikamo, silipanga moto palokha. Munthu amene chimanga chimamuthera mu Okutobala akamanga nkhokwe yachiwiri munda uli womwewo, ndiye kuti tsopano ali ndi nkhokwe ziwiri zopanda kanthu. Eni maboti ambiri amene ndawaona akudandaula kuti mabatire a masiku ano ndi abodza, vuto lawo linali limeneli. Anakuza posungira, chothiramo osachikuza.

Tisanafike kumeneko, pali nkhani ya batire limodzi logwira ntchito ziwiri. Loliza injini ndi loyatsa zam'nyumba ya boti ndi osiyana kuyambira m'mimba mwake. Loliza injini lili ndi timapuleti ta mtovu tambirimbiri topyapyala, kuti litulutse moto wochuluka kamodzin'kamodzi kwa masekondi ochepa, kenaka injini ilibwezere pompopompo. Lam'nyumba, lomwe m'masitolo amalemba kuti deep cycle, lili ndi mapuleti ochindikala opirira kukamidwa pang'onopang'ono usiku wonse. Mukatenga la galimoto n'kumalikama ndi filiji tsiku ndi tsiku, silimaliza nalo chaka. Choopsa kwenikweni ndi china. Mwagona kuseri kwa chilumba cha Domwe, nyimbo zalira, zakumwa zazizira, m'mawa mwera wayamba kutokosa madzi, mukuti mupotoze kiyi, injini n'kungoti kwe kwe kwe, zii. Injini yaing'ono ya chingwe mukhoza kuikoka ndi dzanja. Yaikulu ya kiyi mudzangoiyang'ana boti likupita kumiyala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Batire la injini likhale lakelake, pakati pa ilo ndi am'nyumba pakhale swichi yowalekanitsa, kapena kachipangizo kamene kamawalumikiza kokha injini ikamalira n'kuwalekanitsa ikazima. Amene sanachite zimenezi asayambe n'komwe zogula lachiwiri.

Tsopano tengani pensulo. Ndikudziwa kuti anyamata a kunyanja amadana ndi samu kuposa ng'ona, koma samu yake ndi ya sitandade 5. Pa batire pamalembedwa kukula kwake, tinene 12V 100Ah. Manambala achiwiriwo akutanthauza kuti lingapereke ma ampeya 5 kwa maola 20. Koma batire la mtovu ndi asidi silifuna kutsitsidwa kupitirira theka. Mukamalikama mpaka pansi, moyo wake umafupika kwambiri. Ndiye mwa 100 wolembedwayo, wanu weniweni ndi 50.

Nanga boti limadya zingati? Filiji yaing'ono ya mavoti 12, kuno kotentha, imatha kudya 40Ah patsiku. Nyali zinayi za LED za mawati 10 iliyonse zimakoka ma ampeya oposa pang'ono 3, ndiye zikayaka maola 6 zadya 20Ah. Mafoni, wailesi ndi pampu yotulutsa madzi pansi pa boti tiziike pa 10Ah. Pamodzi 70. Batire limodzi lopereka 50 silingakwanitse, ndipo apa mwini boti akunena zoona kuti pakufunika lina. Awiri apereka 100, pakhala kotsala.

Apa m'pamene ambiri amatseka kope n'kuthamangira ku sitolo, pomwe samu ili pakati. Moto wa 70Ah umene wadyedwawo uyenera kubwerera tsiku lililonse, ndipo popeza batire silisunga zonse zimene lathiridwa, mufunika kuthira oposa 80. Achokera kuti? Injini zambiri zing'onozing'ono zakumbuyo, zimene zadzaza m'madoko mwathumu, kakoyilo kake kamatulutsa ma ampeya a m'ma 6, ndiponso injini ikhale ikuthamanga ndithu. Mukayenda maola atatu mwapeza 18Ah. Sola ya mawati 100 ikaombedwa bwino ndi dzuwa imapereka pafupifupi 30Ah patsiku, ndipo mthunzi wa chingwe kapena ndowe za mbalame pagalasi zimachepetsanso pamenepo. Pamodzi simunafike 50, pomwe mukufuna 80. Tsiku lililonse muli pa ngongole ya 30. Ndi batire limodzi ngongoleyo imaonekera msanga, nyali zikayamba kufiira. Ndi awiri imabisala masiku atatu kapena anayi, mwini wake n'kumayenda monyada padoko kuti vuto latha. Kenaka onse awiri amakhala pansi, ndipo sadzadzanso.

Batire la mtovu likamakhalira losadzadza limadwala matenda osachiritsika. Pa mapuleti pamamera timiyala toyera ta sulphate, toyamba tofewa, kenaka touma gwa, ndipo pamene tamerapo sipagwiranso moto. Mwezi ndi mwezi batire limachepa m'kati ngakhale kunja likuwala ngati latsopano. Mukaliika patchaja limaonetsa kudzadza msangamsanga, mukayatsa nyali limatha msangamsanga. Ena amathamanga nalo kwa amisiri a pamsika kuti akasinthe asidi. Madzi akatayika saoleka. Ndalama imene ikanagula sola ziwiri zoonjezera yathera pa mabatire awiri akufa, ndipo mwini wake watsala n'kutukwana dziko limene anapangidwira.

N'chifukwa chake ine munthu akandifunsa za batire lachiwiri ndimayamba ndamufunsa za denga la boti lake, kuti pangakwane sola zingati. Pa samu taonayi pakufunika mawati 300, ndi kabokosi koyang'anira katchajidwe pakati pa sola ndi mabatire, kuti masana zisawawiritse. Denga likakhala laling'ono, njira yotsala ndi kuchepetsa pakamwa: filiji izizimitsidwa usiku, nyali zinayi zikhale ziwiri. Malangizo amenewa sakoma kuwamva, koma mawu a akulu amakoma akagonera.

Tinene kuti chothiramo chilipo, mwakonzeka kuwonjezera. Msampha wina uli pa batire lakale lija. Latumikira zaka ziwiri, likugwirabe pang'ono, kulitaya kukuwawa, ndiye maganizo amati lingolumikizidwa ndi latsopanolo azithandizana. Inde mutu umodzi susenza denga, koma akuluakulu omwewo anatinso nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Mabatire awiri akalumikizidwa pamodzi amafuna kufanana mphamvu. Lakale limataya moto lokha ngakhale zonse zazimitsidwa, ndiye latsopano limakhalira kulithira usiku ndi usana. Potchaja, lina limakhuta lina lisanakhute. Pakutha pa miyezi ingapo latsopano lija lakalamba nalo limodzi. Ogwira ntchito pamodzi akhale a mtundu umodzi, kukula kumodzi, msinkhu umodzi, makamaka ogulidwa tsiku limodzi. Lakalelo pitani nalo kunyumba likayatse nyali ya pakhonde.

Kalumikizidwe kake n'kosavuta, koma nako kali ndi mwambo. Polumikiza + ku + ndi − ku −, mavoti amakhalabe 12 ndipo kukula kumawirikiza kukhala 200Ah. Mukalumikiza + wa ili ku − wa linalo mwapanga mavoti 24, ndipo nyali zanu zipsa zonse nthawi imodzi. Mawaya olumikizira akhale onenepa, aafupi, ofanana kutalika. Waya wofiira wopita ku katundu achokere pa batire loyamba, wakuda achokere pa lomaliza, kuti onse asenze mofanana. Mukawatenga onse awiri pa batire limodzi, lapafupilo limagwira ntchito yambiri ndipo limayamba kufa ndilo.

Fyuzi ndiye ndimaikakamira mpaka anthu kunditcha wovuta. Ndinaonapo sipanala itagwera pakati pa mitu iwiri ya batire: kuthetheka kwake kunali koyera ngati kwa owotcherera zitsulo, sipanalayo inamatirira pomwepo n'kufiira, mtovu wa pamutu wa batire ukusungunuka n'kumadontha. Limenelo linali batire limodzi. Awiri moto wake ndi wowirikiza. Waya akakhuzika pa chitsulo penapake pansi pa mipando, pomwe pamakhala zigubu za petulo, palibe kothawira, pakuti moto wa m'boti umakusankhitsa pakati pa kupsa ndi kumira. Fyuzi ikhale pa waya wofiira pafupi penipeni ndi batire. Malamulo a opanga maboti ku America amati isapitirire masentimita 18 kuchokera pamutu wa batire, chifukwa chidutswa cha waya chimene chili pakati pa batire ndi fyuzi chilibe chochiteteza. Ndipo fyuzi ikapsa, musamangepo waya wa kopa monga timachitira kumudzi. Yapsa chifukwa yaona kanthu.

Za kulemera anthu saziganizira. Batire la mtovu la 100Ah limalemera makilogalamu pafupifupi 30, awiri ndiye kuposa thumba la chimanga. Akhale pansi, chapakati pa boti, m'bokosi, omangidwa ndi lamba kuti mafunde asawagubuduze. Nyanja iyi siseka ndi chombo cholemera kumwamba kapena chopendekera mbali imodzi. Akale a kumpoto amakumbukabe Vipya, sitima imene inagubuduzika ndi namondwe mu Julaye 1946 n'kupita ndi anthu 145. Bokosilo likhalenso ndi popumira, chifukwa batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene umaphulika ndi kamoto ka ndudu chabe. Musaliike moyandikana ndi injini kapena pamtetete pomwe dzuwa la Okutobala limaotcha mpaka thabwa osapondeka. Kutentha kumadya batire mwakachetechete: madigiri 10 aliwonse opitirira 25 amadula moyo wake pafupifupi ndi theka. Ku Mangochi ndi ku Nkhotakota batire silingakhale zaka zimene limakhala ku Dedza.

Chodabwitsa n'chakuti batire la mtovu limeneli ndi nkhalamba kuposa tonsefe. Gaston Planté wa ku France analipanga mu 1859, chaka chomwe David Livingstone anafika pa nyanja ino, ndipo khalidwe lake silinasinthe kwenikweni. Limafunabe kudzadza, kuzizira, ndi madzi ake. Likakhala la zivindikiro muzilitsegula mwezi uliwonse, mapuleti akaonekera muthire madzi a batire ogula m'botolo. A m'nyanja ayi, ngakhale aoneke oyera chotani, ali ndi mchere wake umene umawononga mapuleti. Pa mitu pakamera ufa woyera mobiriwira uja, masulani, tsukani ndi madzi a soda, pukutani, mangani zolimba, pakani girisi pang'ono. Kaufa kameneko kamatha kutsekereza moto mpaka munthu kugula batire latsopano pomwe lakale linalibe mlandu.

Adzukulu ophunzira amandiuza za lithiamu, ndipo sindiwatsutsa. La mtundu wa LiFePO4 la 100Ah limalemera makilogalamu a m'ma 12, mukhoza kulikama 80Ah kapena kuposa osalipweteka, silidwala likakhala losadzadza, ndipo limakhala zaka zambiri kuposa la mtovu. Limodzi limagwira ntchito yoyandikira ya awiri. Koma mtengo wake ndi wowawa, ndipo lili ndi miyambo yakeyake. Sililumikizidwa mwachindunji ndi la mtovu. Limameza moto mwadyera, moti alitaneta ya injini ikalumikizidwa nalo popanda tchaja yapakati yochepetsa mlingo, imatentha mpaka kupsa. M'kati mwake muli kaubongo koliteteza, kamene kakaona zachilendo kamangodula moto wonse mosachenjeza, ngakhale pakati pa usiku. Ndipo nalonso sililima. Mukadya 70 mubweze 70.

Asodzi a usipa, amene ambiri asiya nyali za parafini zopopa n'kuyamba za mabatire, phunziroli analiphunzira ndi thumba lawo. Siginala, woyatsa nyali yokopa nsomba uja, amene nyali yake yafooka usiku usanathe amabwerera ndi chilimira chopepuka, ndipo ogwira naye ntchito samusekerera. Ochenjera mwa iwo ndi amene amaonetsetsa kuti batire likatsika m'mawa lapita pa sola nthawi yomweyo n'kukhalapo mpaka litakhuta, osati kulichotsa masana kuti ana aonere filimu.

Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi wofunsidwa woyamba ndi kamita koyezera mavoti, kamene mtengo wake sufika ngakhale pa chakhumi cha batire. Zimitsani zonse, batire lipume maola angapo, kenaka yezani. Likaonetsa 12.6 kapena 12.7 ladzadza. Likaonetsa 12.2 lili pa theka, lekani kulikama. Likatsika pansi pa 12 mukulipha. Yezani madzulo dzuwa litalowa, sabata yathunthu, muzilemba. Ngati madzulo aliwonse likumafika 12.6 koma m'mawa n'kupezeka latsikitsitsa, pitani mukagule mabatire awiri ofanana, mwayenera. Ngati madzulo silikufikako n'komwe, ndalama yanuyo achimwene kaguleni sola.