Kodi Wolamula Ayenera Kunena Chifukwa Chake?

Pali funso lakale limene anzeru a maiko ambiri akhala akulisinkhasinkha: kodi munthu wopatsidwa ulamuliro, akagamula kanthu kokhudza moyo wa mnzake, ayenera kunena chifukwa chake? Ena amati iyayi, kumfunsa mkulu ndiko kumchepsa. Ine nditi ayenera ndithu. Pakuti ng'ombe timaikusa ndi chikoti, osaiuza kumene tikupita nayo. Koma munthu ali ndi nzeru, ndipo lamulo lofika kwa iye liyenera kulowera pa khomo la nzeru zakezo. Thomas Aquinas anaphunzitsa chimodzimodzi, kuti lamulo ndi ntchito ya nzeru yolinga ku ubwino wa onse; chifuniro chokha cha wamphamvu sichikwana kutchedwa lamulo.

Akuluakulu amene anaona masiku a chipani chimodzi akudziwa kuwawa kwake kwa ulamuliro wosayankha. Lamulo lolanda katundu la chaka cha 1966 linkalola Boma kutenga chuma cha munthu, ndipo wolandidwayo analibe bwalo loti akalireko. Nchifukwa chake Malamulo Aakulu a dziko la Malawi a 1994, pa ndime 43, anapatsa munthu aliyense ufulu woti a Boma amchitire zinthu motsata malamulo ndi mwachilungamo, ndiponso woti apatsidwe zifukwa zolembedwa ngati chigamulo chawo chakhudza ufulu wake.

Tsono ufulu wotere ungakhale mau chabe pakadapanda wina wouteteza. Ntchitoyi ili m'manja mwa Khoti Lalikulu, limene lili ndi mphamvu younikanso zogamula za nduna, makhonsolo ndi maofesi ena a Boma. Taonani bwino, awerengi, zimene woweruza amafunsa. Salowa m'mpando wa nduna kuti agamule m'malo mwake. Amangofunsa kuti: Kodi lamulo linakupatsani mphamvu imeneyi? Kodi munamva mbali ya munthuyu musanagamule? Kodi chigamulochi munthu wolongosoka angachifikire? Mafunso amenewa si achilendo kwa ife, poti ngakhale pa bwalo la kumudzi mfumu yodula mlandu itamva mbali imodzi yokha imasekedwa ndi nduna zake zomwe.

Mu April 2020 Boma linalengeza kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21 chifukwa cha mliri wa Covid-19. Odandaula anathamangira kukhoti, nati Boma silinakonze kuti osauka, odya za tsiku lomwelo, adzadya chiyani. Pa 17 April Khoti Lalikulu linaimitsa mbindikirowo usanayambe. Pamenepo ena anang'ung'udza: woweruza si dokotala, ndiponso sanasankhidwe ndi mavoti; nanga miyoyo ikatayika adzayankha ndani? Dandaulo limeneli si lachibwana, ndipo woweruza wodzitama angathedi kuononga zinthu. Komabe khotilo silinakane kuti mliri ulipo. Linafuna kuti wolamula, ngakhale pa nthawi ya zoopsa, aonetse lamulo limene waimapo ndi kukumbukira mimba ya wogulitsa zitumbuwa pamsika.

Chondivuta mumtima ndi china. Milandu yotchuka imapeza maloya msanga. Nanga mphunzitsi wa kumudzi wochotsedwa ntchito popanda kumva mbali yake? Nanga mai wamasiye amene ndalama za penshoni ya mwamuna wake zaimitsidwa, nauzidwa kokha kuti abwere mawa? Lamulo la khoti lifuna kuti pempho lotere lifike msanga, isanathe miyezi itatu. Koma wosauka amatha miyezi itatuyo akuyenda ofesi ndi ofesi, chipewa chili m'manja, poopa kukwiyitsa bwana. Akamadzazindikira kuti kunali khomo lina, lapezeka lotseka. Paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Chithandizo chilipo ndithu. Bungwe la Legal Aid Bureau, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limapereka maloya kwa osowa ndalama, ndipo ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otsutsa maofesi a Boma popanda malipiro. Koma onsewa adzayamba ndi kufunsa kuti: kalata yake ili kuti, ndipo inalembedwa liti? Choncho amene wauzidwa chigamulo pakamwa pokha apemphe mwaulemu kuti amlembere pamodzi ndi zifukwa zake, alembe tsiku limene anapempha, ndipo asadikire kuti akolole kaye asanakafunse uphungu.