Munda wa Naboti ndi Dwale la Arauna: Boma Likafuna Malo Athu

Mawu a Mulungu: 1 Mafumu 21:1-19, 2 Samueli 24:18-25



Lero tamva za mafumu awiri amene anafuna malo a anthu wamba. Ahabu anasirira munda wamphesa wa Naboti kuti adzalemo ndiwo zamasamba. Naboti atakana poti chinali cholowa cha makolo ake, Yezebeli analemba makalata m'dzina la mfumu, napeza mboni zonama, ndipo Naboti anaphedwa ndi miyala. Pamaso pa anthu mlandu unazengedwa, koma Mulungu anatuma Eliya kukadzudzula mfumuyo. Davide naye anafuna dwale la Arauna, koma kuti amangepo guwa la nsembe, mliri uleke pakati pa anthu. Arauna anafuna kupereka ulere, koma Davide anakana, nagula dwalelo ndi ng'ombe ndi masekeli 50 a siliva. Wina analanda chifukwa cha dyera. Wina anagula poyera pofuna kupulumutsa mtundu.

Nkhaniyi si yakale yokha. Likulu litachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, komanso njanji ya ku Nacala itadutsa ku Mwanza ndi ku Neno, mabanja anasiya minda ndi nyumba. Dziko limafunadi misewu, zipatala ndi madzi, ndipo ife Akhristu sititsekereza chitukuko. Koma lamulo lathu likufuna kuti boma liyende m'njira ya Davide.

Gawo 44 la Malamulo Aakulu a dziko lino, a mu 1994, limaika mfundo zinayi. Choyamba, malo atengedwe pokhapokha ntchitoyo ili yothandiza anthu onse. Chachiwiri, mwini malo adziwitsidwe nthawi ikadalipo. Chachitatu, alandire chipukuta misozi choyenera. Chachinayi, amene sanakhutire ali ndi ufulu wokadandaula ku khoti. Chipukuta misozi si mphatso yoombera m'manja ayi, ndi mangawa.

Nanga ife amayi tichitenji? Ndife timagwira khasu m'mindamo, koma tsiku lolemba mayina timakhala tili ku chigayo kapena pa mtondo. Pakabwera a ku ofesi ya DC ndi owerengera katundu, tikhalepo ndithu. Tionetsetse kuti alemba nyumba, nkhokwe, khola, chitsime, dimba, mitengo ya mango ndi nthochi, ndipo tiwasonyeze pamene pali manda. Tisasayine kapena kudinda chala pa pepala limene sitinalimve. Tipemphe kuti atiwerengere m'chinenero chathu, ndipo lina tisunge. Ngati sitinakhutire, a Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama ya loya, ndipo ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo a anthu amene ofesi za boma zawalakwira.

Tisaiwale amayi amasiye ndi ana amasiye. Ndalama zikamveka, abale amene sanapondepo m'mundamo amatulukira. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linapatsanso amayi mipando m'makomiti a malo a m'midzi. Tikasankhidwa tisakane, ndipo tikakhalamo tilankhule.

Chotiwawa pa nkhani ya Naboti n'chakuti akulu a mudzi wake omwe ndiwo anachita zimene makalata aja ananena. Palibe anaimirira n'kunena kuti munthuyu ndi wosalakwa. Mutu umodzi susenza denga. M'magulu athu a Umodzi wa Amayi tiwerengerane makalata, tiperekezane ku boma, ndipo ndalama zikabwera tilangizane kuti ziyambe zagula malo ena olima, zisathere pa msika.

Tipemphere: Mulungu mwini dziko lonse, patsani atsogoleri athu mtima wa Davide, ndipo ife mutilimbitse kuti tiime ndi ofooka pa tsiku la mlandu wawo; mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.