Nkhandwe ndi Chipale Chosapondedwa

Padangokhala Nkhandwe, padangokhalanso Kalulu. Awiriwa ankakhala ku Argentière, mudzi wa m'chigwa cha Chamonix ku France, m'munsi mwa mapiri a Alps. Kalulu wake anali uja wa m'mapiri, wotuwa m'chilimwe, woyera mbee chipale chofewa chikayamba kugwa. Nkhandwe anali wofiira chaka chonse, ndipo pa chipale ankaonekera patali. Zimenezo ndiye ankazikonda.

Pamwamba pa mudziwo pali malo otchedwa Grands Montets. Alendo amakwerako pa ngolo zolendewera pa chingwe, n'kutsika pa matabwa a ski. Njira zake n'zosamalidwa. Usiku mathirakitala amazisalaza. M'mamawa alonda a phiri amaphulitsa mabomba kumtunda kuti chipale chofuna kugumuka chigumukiretu anthu asanafike. M'mbali mwa njira amazika timitengo tamitundu: njira ina yabuluu, ina yofiira, ina yakuda ya akatswiri. Pamalire amamangapo chingwe.

Koma chingwe chili ndi kuseri kwake. Kuseriko thirakitala sifika, timitengo kulibe. Chipale chimakhala momwe mitambo yachisiyira, chakuya, chofewa, chosapondedwa. Eni dziko amakutcha hors-piste. Mtima wa Nkhandwe unali kumeneko.

Tsiku lina chipale chinayamba kugwa. Chinagwa Lolemba, chinagwa Lachiwiri, chinagwa Lachitatu, mphepo ikuomba usiku ndi usana. Lachinayi kunacha ngwee. Nkhandwe anagogoda kwa Kalulu kusanayere bwino.

"Dzuka, mphwanga! Phiri lonse layalidwa, ndipo palibe amene walembapo. Lero mzere woyamba ukhala wanga."

"Ndamva, achimwene. Nditenge chikwama."

Panjira anakumana ndi Gogo Mbuzi ya m'mapiri. Gogoyo anakalambira m'matanthwe, ndipo phiri analiphunzira poyenda pambuyo pa anamulondola a ku Chamonix, amene bungwe lawo linayamba mu 1821.

"Mwadzuka bwanji, agogo?" anatero Kalulu, akuomba m'manja.

"Ndadzuka, mdzukulu wanga. Changu chonsechi mukulowera kuti?"

"Kuseri kwa chingwe," anayankha Nkhandwe.

"Chikwangwani cha ngozi mwachiwerenga?"

"Tachiwerenga. Alemba 3. Muyeso wake umafika pa 5, ndiye 3 ndi pakatikati chabe."

Gogo Mbuzi anapukusa ndevu. "Pa 5 palibe amene amatuluka m'nyumba. Pa 4 ambiri amaopa. Amene tinawanyamula pa machira, ochuluka anatuluka pa 3, akunena zomwe mwanenazi. Tamverani. Pansi pali chipale chakale, timibulu tosagwirana. Pamwamba mphepo yaunjikapo chatsopano, chogwirana, cholemera. Chapamwambacho changotsamira. Pamtsetse wopendekeka madigiri 30 mpaka 45, mwendo umodzi ukwanira kuchidzutsa. Ndili ndi gulu la alendo lero. Lowani nafe."

"Ndalama zingati?"

Gogo anatchula. Nkhandwe anaseka mpaka mchira kugwedera.

"Ndilipire kuti ndiyende pambuyo pa mbuzi? Nanga chipale choyamba aponde ndani?"

"Chabwino. Izi ndiye n'zaulere. Mtsetse muzitsika mmodzimmodzi, wina akudikira pathanthwe. Ndipo aliyense akhale ndi zitatu zija."

Zitatu zija mwana aliyense wa m'chigwamo amazidziwa. Choyamba ndi kawailesi kovala pachifuwa, kamene kamalira mosamveka m'makutu, pa 457 kHz, kuti mwini wake akakwiririka mnzake amulondole. Chachiwiri ndi ndodo yopyapyala yolumikiza, yobayira m'chipale. Chachitatu ndi fosholo.

"Tili nazo, agogo," anatero Kalulu, akusisita chikwama chake.

"Mphindi 15, adzukulu anga," anatero gogo akuchoka. "Wofukulidwa zisanathe, mwa 10 alionse 9 amatuluka amoyo. Zikafika 35, mwa atatu amatsala mmodzi."

Anafika pokwerera ngolo. Mzere unali wautali.

"Mphwanga, kaime pamzere ugule matikiti. Chikwama siya pano, ndikusungira."

Kalulu anapita. Nkhandwe anatsala pabenchi, ndipo mphuno yake inayamba kugwira ntchito. Pafupi panali sitolo. M'sitolomo munali tchizi wa Tomme de Savoie, mitanda yozungulira, yotuwa kunja, yonunkhira mpaka pamsewu. Nkhandwe analowa kuti angoona. Anaona. Ananunkhiza. Anameza malovu.

"Mundipatse mtanda umodzi. Munthu akalemba mzere woyamba paphiri ayenera kudya bwino m'munsi mwake."

Anamupatsa.

"Koma umodzi Kalulu adzafunako. Mundipatse iwiri."

Anamupatsa.

"Tchizi wopanda vinyo amatsamwa. Mabotolo awiri. Ndi buledi uyo wautaliyo. Ndi soseji uyo."

Ndalama zimene anakaniza Gogo Mbuzi zinathera pakauntala. Atabwerera pabenchi anatsegula chikwama chake. Buledi analowa. Soseji analowa. Botolo linalowa. Mtanda wa tchizi unakana. Anaukankha, unakana. Anautembenuza, unakana. Anasuzumira m'chikwama n'kupeza chimene chinkatsekereza.

"Iwe fosholo, kodi ine ndikupita kumunda? Kawailesi ndiye ndivala, kameneka n'kanga. Koma iwe ntchito yako n'kufukula ena. Kalulu ndi wopepuka, phiri silingamumve n'komwe."

Anaitulutsa, anaikankhira pansi pa benchi. Tchizi analowa bwinobwino. Panatsala mtanda wachiwiri ndi botolo lachiwiri. Nkhandwe anayang'ana uku, anayang'ana uko, ndipo nazonso anazipezera malo.

Kalulu anabwera ndi matikiti, nanyamula chikwama chake.

"Achimwene, chikwamachi chalemera bwanji?"

"Sunadye m'mawa, n'chifukwa chake. Tiye, ngolo ikutisiya."

Anakwera. Pamwamba mphepo inali italeka, dzuwa likuwala, nsonga ya phiri la Mont Blanc ikuoneka chapatali. Pachingwe cha malire panatera Khwangwala wa mlomo wachikasu, wa mtundu uja umene umapempha nyenyeswa kwa alendo mpaka pa nsonga ya Aiguille du Midi, mamita 3,842 m'mwamba.

"Mwanyamula zonunkhira, a Nkhandwe."

"Si zako."

"Si zanga lero m'mawa. Dzuwa likadalipo."

Nkhandwe anatukula chingwe, nadutsa. Kalulu anatsatira.

Mtsetse woyamba anaupeza uli ndi mizere itatu ya anthu amene anawatsogolera. "Apa pabwino, achimwene, ena adutsapo kale," anatero Kalulu. Nkhandwe anakwinya nkhope. "Ndidzukire usiku kudzadya makombo?" Anapitirira. Mtsetse wachiwiri unali ndi mzere umodzi. "Umodzi womwewo wauipitsa." Anapitirira. Pansi pa mapazi awo panatumphuka Nkhwali yakuda, imene imagona m'kaphanga ka chipale posunga mafuta a m'thupi kuti ifike nawo m'nyengo yofunda. Inauluka ikudandaula. "Mwandidzutsa! Chakudya cha lero mwandithera!" Nkhandwe sanacheuke.

Kenako anaupeza. Mtsetse waukulu, wosalala, wopendekeka, kuseri kwa chitunda kumene mphepo inakhala ikutsanulira chipale masiku atatu. Panalibe phazi, panalibe nthenga.

Ali chiimire, pansi panamveka kuti fuu! Chipale chinatitimira pang'ono, ndipo kamng'alu kanathamanga kuchokera pa matabwa a Nkhandwe.

"Achimwene, phiri lalankhula. Tibwerere."

"Likutilonjera."

"Ndiye titsike mmodzimmodzi, monga ananenera agogo."

"Pamenepo gogo ananena zoona. Mmodzimmodzi, ndipo woyamba ndine. Ima pathanthwepo uzindionera."

Anatsika. Eee, kukoma kwake! Chipale chinkafika m'chiuno, chikufuka kumbuyo kwake. Anakhota kamodzi. Anakhota kawiri. Anafuula kuti chigwa chonse chimve. Anakhota kachitatu.

Thyoo! Mtsetse unang'ambika kumtunda kwake kuchokera mbali iyi mpaka mbali iyo. Chipale chonse chinanyamuka pamodzi, chinasweka, chinathamanga. Kalulu anaona chofiira chikumira, chikuvuuka, chikumira. Kenako zii.

Kalulu sanalire. Anaimba foni pa 112, nambala ya opulumutsa anthu pangozi, natchula malo. Anatembenuza kawailesi kake kuti kazimvetsera, natsikira pa mulu wa zibuma. Kanasonyeza mamita 40. Kanasonyeza 20. Kanasonyeza 5. Anagwada, nakayendetsa pang'onopang'ono pamwamba pa chipale mpaka nambala italeka kutsika. Anasolola ndodo m'thumba la m'mbali mwa chikwama, nailumikiza. Anabaya, mwala. Anabaya, mwala. Anabaya kachitatu, ndodo inagunda chofewa, kuya kwake mita imodzi ndi pang'ono.

"Ndakupezani, achimwene! Mphindi 6 zokha zapita! Limbani mtima!"

Anavula chikwama. Anatsegula zipi.

Inu amene mwakhala chete mpaka pano, tanenani: mukuganiza kuti Kalulu anapezamo chiyani?

Mtanda wa Tomme de Savoie. Botolo la vinyo.

Anakhutula chikwama chonse. Anachitembenuza, anachikutumula. Fosholo munalibe.

Mwina mukuti, si akumbe ndi manja, kalulu si wokumba? Chipale chimene chagumuka si chija chofewa chogwa kumwamba. Chikangoima chimauma gwaa, ngati chulu cha mwezi wa Okutobala. Ndipo kuti mufike pa munthu amene ali mita imodzi pansi, muyenera kuchotsa chipale cholemera tani yathunthu, mwinanso kuposa. Kalulu anakanda ndi zikhadabo mpaka magazi. Anakumba ndi thabwa la ski, linkangoterereka. Anatenga tchizi uja kuti apalire nacho chipale, ananyenyeka m'manja mwake.

Wokwiririka amamva za kunja, koma akunja samumva. Nkhandwe anali mumdima, miyendo yopanikizika, osatha kugwedeza ngakhale chala. Mwayi wake unali umodzi: pogubuduzika, mchira unamuphimba kukamwa, n'kusiya kampata ka mpweya. Ankamva mapazi pamwamba pake. Ankamva kukanda. Ankamva mawu.

"Achimwene, fosholo yanga ili kuti? Ndinailongedza ndekha usiku! Ili kuti fosholo yanga?"

Nkhandwe ankadziwa kumene inali. Inali pansi pa benchi ku Argentière, itagona pamwamba pa inzake. Anayesa kuyankha, chipale chinamudzaza m'kamwa.

Mphindi 10. Mphindi 15. Dzenje la Kalulu linali lisanafike ndi m'mawondo momwe.

Khwangwala ndiye anauluka. Anapeza Gogo Mbuzi ndi alendo ake anayi pamtsetse wofatsa kuseri kwa chitunda. Anabwera mothamanga, aliyense fosholo m'manja. Gogo anawandandalika kumunsi kwa ndodo ija: wakutsogolo akudula zibuma, am'mbuyo akukokolola, akatopa n'kusinthana. Palibe amene anafunsa za malipiro.

Pa mphindi 24 anaona ubweya wofiira. Anayamba ndi kumutu, namuchotsa chipale m'kamwa ndi m'mphuno. Nkhandwe anali atakomoka, milomo itachita bii, mwendo wakumbuyo utathyoka pawiri. Gogo anamuuzira mpweya. Anakhosomola. Helikopita ya opulumutsa anthu m'mapiri inafika n'kumunyamula. Nsonga ya mchira wake, imene inaumira m'chipale, inayera ndipo sinafiirenso.

Patapita masiku atatu Kalulu anapita kuchipatala, manja ali m'mabandeji. Anapeza Nkhandwe atagona chagada, mwendo uli m'chikhakha. Anaika mafosholo awiri pansi pa bedi, osanena kanthu.

Nkhandwe anayang'ana mafosholo. Anayang'ana kudenga. Anayang'ana mabandeji a Kalulu.

"Mphwanga," anatero ndi mawu otsika, "nanga tchizi uja?"

"Anadya a Khwangwala ndi abale awo. Mitanda yonse iwiri, ndi soseji yemwe."

"Mwendowu akuti upola chaka chino chisanathe. Chipale chikadzagwanso, tidzapita, eti?"

Kalulu anawerama, natenga fosholo imodzi, yake ija.

"Tsalani bwino, achimwene. Agogo akundidikira."

M'mawa mwake Kalulu anakwera ngolo ndi gulu la Gogo Mbuzi. Atafika pachingwe cha malire gogo anawaimitsa onse. Anayesa kawailesi ka aliyense, mmodzimmodzi. Kenako anati aliyense atsegule chikwama cha mnzake, osati chake, atulutse fosholo, aikweze m'mwamba. Anawerenga mafosholo 6, anawerenga mitu 6, natukula chingwe.