Mankhwala Akhale Kumene Kuli Chinkhanira

Ku Mahad, m'dziko la India, kuli chinkhanira chofiira cha ululu woopsa. Chikaluma mwana, thukuta limachita kuyenderera, mtima umafooka, mapapo nadzala madzi. Ndipo kale ambiri ankamwalira nacho.

Dokotala Himmatrao Bawaskar sanatsate chuma cha mu mzinda wa Mumbai, koma anakhazikika pakati pa alimi a kumeneko. M'chaka cha 1986 analengeza kuti prazosin, mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi, amapulumutsa olumidwa. M'chaka cha 2011 anaonetsanso kuti powaphatikiza ndi jekeseni wopha ululu, wopangidwa kuchokera m'magazi a akavalo, wodwala amachira msanga koposa.

Tsono funso ndi ili: kodi jekeseni wotereyu azisungidwa kuti? Oyang'anira chuma amati ndi wa mtengo wapatali, ndipo m'chipatala chaching'ono angathe mphamvu asanagwire ntchito, ndalama n'kulowa m'madzi. Mawuwa si opusa ayi, pakuti kusakaza za odwala ndi kulakwa ndithu.

Komabe chinkhanira sichikonda nyumba zosanja. Chimabisala m'minda, m'nkhuni ndi m'zofunda za amphawi, ndipo ululu wake sudikira galimoto. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Botolo lothera mphamvu m'chipatala cha kumudzi silinapite pachabe: linali mlonda, ndipo mlonda samanidwa malipiro chifukwa mbala sinabwere. Koma mwana wofera panjira, ndani adzambweza kwa amake?